Lachiwiri la Pachilumba

Belinda analakwitsa chinthu chimodzi chokha: anauza mwamuna wake.

Sikuti Alufeyo anali munthu woipa, ayi. Bambo wopemphera, wosamwa, wodziwa kuchapa yekha malaya ake. Koma nkhani pakamwa pake sinkagona. Lamlungu lina anapita yekha ku Indianapolis ku mapemphero a Amalawi, Belinda ali ku ntchito, ndipo itakwana nthawi yotchula zofunika kupempherera, bamboyo anaimirira, nakonza tayi, nati abale tiwakumbukire amayi a kunyumba kwathu, mwezi wa Julaye uno akupita ku Ireland. Mpingo wonse unayankha ameni wamphamvu. Ena poyankhapo n'kuti akuwerenga kale m'mutu abale awo amene ali ku Ireland.

Pofika chaka chimenecho cha 2016, Belinda anali atagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pachipatala china cha pakati pa mzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana ku Amereka. Ntchito yake inali kutembenuza odwala, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuthamangira belu. Tchuthi chilichonse chimene anatenga m'zaka zonsezo chinathera ku Malawi, ndipo aliyense amene anayesapo akudziwa kuti ulendo wa kumudzi si tchuthi. Koyamba anakaika bambo ake m'manda. Kachiwiri anakamanga chiliza. Kachitatu unali ukwati wa mng'ono wake, kumene anaphika, anatsuka, anayanjanitsa azakhali osalankhulana, mpaka anabwerera siketi zikumukhwepa m'chiuno.

Malo a ku Ireland aja anawaonera pafoni ya nesi mnzake, mzungu amene agogo ake anachokera kumeneko. Inali nyumba yoyera ya alendo, ya zipinda zisanu, kumadzulo kwenikweni kwa dzikolo, pamene mtunda umathera n'kuyamba nyanja yamchere. Anthu a dera limenelo m'nyumba mwawo salankhula Chingerezi, ali ndi chilankhulo cha makolo awo. Belinda atalemba kalata yofunsa malo, mwini nyumbayo, mayi Nora, anamutumizira ndondomeko ya sabata yonse. Lachitatu kuyenda m'mbali mwa mipanda ya miyala yosanja popanda simenti, kukaona mabwinja a nyumba zimene eni ake anazithawa nthawi ya njala. Lachinayi kukazula ndere za m'nyanja madzi akaphwera, monga ankachitira makolo awo pofuna manyowa a m'minda ya mbatatesi. Lachisanu kuphunzira kuphika buledi wa soda, kenako gule wa pamudzipo. Zonsezo anazikonda, koma chimene chinamugwira mtima chinali Lachiwiri.

Lachiwiri limenelo linali tsiku la woyera wa pachilumba. Kamodzi pa chaka asodzi amanyamula anthu m'mabwato awo opaka phula kupita pa kachilumba kopanda munthu wokhalapo, pamene pali katchalitchi ka miyala ka zaka mazanamazana ndi chitsime. Anthu amazungulira chitsimecho kasanu ndi kawiri, amapemphera m'chilankhulo chawo, amadya kamba wawo pa udzu, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Kumapeto kwa kalatayo mayi Nora anapepesa kuti pachilumbapo foni sigwira.

Belinda anawerenga chipepesocho katatu. Tsiku lathunthu lopanda belu, lopanda foni, pakati pa anthu olankhula zimene iye sakumva, kotero kuti ngakhale wina atafuna kumutuma sangathe! Kuti apeze sabata imeneyo anavomera kudzagwira Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano m'malo mwa anzake awiri, ndipo sanadandaule. Ndege inali yonyamuka ku Chicago Lamlungu, kufika ku Dublin Lolemba m'mawa, kenako basi ya maola asanu, kugona, n'kudzukira m'bwato.

Foni yoyamba inabwera Lolemba lotsatira ameni uja. Anali a Lucious, mkulu wa mpingo, bambo wa mawu oleza amene sanakanidwepo kanthu chibadwire.

"Amayi a Kenan, tamva nkhani yabwino. Kodi kuli ndani wanu ku Ireland?"

"Kulibe aliyense, abambo. Ndikungokapumako."



"Kukapuma? Kwa anthu osawadziwa?"

"Eya, abambo."

"Chabwino, chabwino. Ndiye poti kumeneko mulibe zochita, pali kasuti ka achimwene anga ali ku Cork. N'kopepuka, simungakamve n'komwe."

Belinda anatsegula pakamwa kuti akane, koma chimene chinatuluka ndi chakuti tiona, abambo. Ndipo tiona wa Mmalawi, aliyense amamumva mmene akufunira.

Lachitatu anaimba Chrissie, mnzake wa kalekale amene ankagwira ntchito pachipatala china pakati pa Indianapolis. Iyeyo sanapemphe n'komwe.

"Asisi, ndapakira kale. Ndi mameshi ndi mafuta odzola a mng'ono wanga wa ku Limerick uja. Mungokadropa, ndi panjira."

"Panjira yopita kuti, Chrissie?"

"Aaa, kadziko kakang'ono kaja? Mukangokwera basi mwafika."

Lamlungu lotsatira Alufeyo anabwerako ku mapemphero galimoto itatsamira kumbuyo. Suti ija inali itabereka nsapato ndi mataye. Mameshi a Chrissie anali m'chikwama chofuna anthu awiri. Panalinso kamtolo kakang'ono kokulunga m'pepala la khaki, komanga ndi ulusi woluka, kolembedwa kuti Shalom, Dublin. Kameneko kanachokera kwa amayi ake a Shalom, mayi Theresa a ku Speedway, dera la ku Indianapolis komweko, mayi wachikulire wosakonda kulankhula, amene ankalera ana a Amalawi anzake makolo awo akakhala ku ntchito.

Belinda anakhala patebulo la kukhitchini n'kutsegula mapu pafoni. Dublin kummawa. Cork kummwera kwenikweni. Limerick pakati. Nyumba ya mayi Nora uko, kumadzulo, kosayang'anana ndi aliyense wa iwo. Ndipo katundu wa Mmalawi sasiyidwa pakhomo ngati kalata. Ukafika akuphikira, ukadya akufunsa za aliyense wa ku Indiana mmodzimmodzi, ukati ndizipita akuti mugone kuno, kunja kukugwa mvula. Anawerenga ndi zala. Mipanda ya miyala yapita. Ndere zapita. Buledi wa soda mwina akanangomupeza atazizira.

"Abambo a Kenan, tandiuzani. Positi ofesi inatsekedwa m'dziko muno?"

Alufeyo anali akuvula nsapato mosamala kwambiri, ngati ntchito yofuna nzeru.

"Mukudziwa kuti si nkhani ya positi. Munthu amafuna wina akamuone m'bale wake ndi maso, adzanene kuti ali bwino, wanenepa."

"Ndiye maso amenewo ndi anga okha?"

"Nanga ndikanakana bwanji? A Lucious anachita kubwera okha pagalimoto. Anthu akanati chiyani?"

"Akanati mkazi wa Alufeyo watopa. Akananama?"

Alufeyo anapitiriza kuvula nsapato zake. Iye sankapita nawo ku Ireland, ankati sangalipire ndege kukaona miyala, ndiye kwa iye sabata yonseyo inali yopanda kanthu ngati mmene ankaionera a Lucious. Chimenechi ndicho chinamupsetsa mtima Belinda kuposa suti ndi mameshi. Palibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti kodi akukachita chiyani kumeneko. Akanafunsa akanawauza za bwato, za chitsime, za katchalitchi kopanda denga labwino. Koma kwa iwo munthu wopita kopanda maliro, kopanda ukwati, kopanda m'bale, ndi munthu wa manja opanda kanthu, wofunika kumusenzetsa.

Sabata yonse katunduyo anakhala pabalaza. Belinda ankamulambalala popita ku ntchito, n'kumulambalalanso pobwera. Anamuuza Alufeyo kuti akabweze yekha zimene analandira yekha. Bamboyo anati mawa, kenako anati mkuja, kenako anayamba kumva mutu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, Belinda anakweza zonse m'galimoto yekha n'kulowa msewu wa ku Indianapolis. Maola awiri ndi theka a minda ya chimanga mbali zonse anawathera akuyeseza mawu: pepani, ulendo uno sinditha. Anawanena mokweza, anawanena motsitsa, anawanena akumwetulira, mpaka anasankha kuwanena osamwetulira.

A Lucious anamulandira pakhonde. Anamva mawuwo mpaka kumapeto, analandira suti yawo ndi manja awiri, naiyang'ana ngati mwana amene wabwezedwa kusukulu.

"Palibe kanthu, amayi a Kenan. Tamva. Amereka imasintha anthu, si inu nokha."

Mawuwo anamulasa, koma anawameza n'kutsazika mwaulemu.

Chrissie anatuluka pa buleki ya kuntchito n'kukumana naye pamalo oimika magalimoto a chipatala chake. Iyeyo sanabise.

"Ndiye mwadiraiva ulendo wonsewu kudzandibwezera mameshi? Mafuta omwe mwawotchawa!"

"Ndi mafuta anga, Chrissie."

"Enjoyani holide yanu, asisi. Ife ena sitidziwa kuti munthu amapuma bwanji."

Anakoka chikwama chake n'kulowa osacheuka. Belinda anadziwa kuti pofika madzulo nkhani ikhala itazungulira Indianapolis yense, itamera nyanga ndi mchira. Anamva manyazi, inde, koma pansi pa manyaziwo panali kachisangalalo kachilendo. Cork wachoka. Limerick wachoka. Kwatsala kamtolo kamodzi.

Mayi Theresa ankakhala m'kanyumba ka pamwamba ku Speedway, osati kutali ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto lija limene mwezi wa Meyi limagonthetsa anthu m'khutu. Tsiku limenelo kunali bata. Pabalaza panali timipando ta ana totsamiritsa kukhoma ndi dengu la zidole za eni ake. Mayiyo anamukhazika pansi, anamuthirira tiyi osamufunsa, ndipo Belinda anadikira mpaka atamwa theka la kapu, poti kukana munthu wamkulu m'nyumba mwake uli wouma kukhosi n'kovuta. Kenako anaika kamtolo kaja patebulo n'kunena mawu ake aja. Anatuluka bwinobwino, poti tsopano anali atawazolowera.

"Ndamva, mwanangu," anatero mayi Theresa. "Mwatopa. Zikuoneka ndi m'maso momwe."

Basi. Sanatchule za Amereka, sanatchule za holide. Anakokera kamtoloko pafupi n'kuyamba kumasula ulusi pang'onopang'ono, poti ulusi wabwino sadula. M'katimo munali chitenje chatsopano chosachapa, tizipewa tiwiri toluka ting'onoting'ono, timasokosi tokwana pachala chachikulu, ndi thewera la nsalu lopinda bwino. Pamwamba pa zonsezo panali envulopu yolembedwa kuti amayi a Kenan.

Belinda anaika kapu pansi.

"Amayi, Shalom ndi woyembekezera?"

"Masiku ake akwana. Mwana wakhala mopingasa, ndiye madokotala akuti amupanga opaleshoni."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena kwa ndani? Kwa abambo a Kenan, pamalo oimika magalimoto a tchalitchi? Nkhani zotere sitiuza abambo. Komanso mpingo sukudziwa. Mnyamata wake anathawa mimba ili ndi miyezi itatu. Ndiye ndinalemba kakalata aka, ndimati ndikuimbireni mukatsika ndege kuti mumasule muwerenge."

"Ali ndi ndani kumeneko?"

"Amakhala ndi atsikana awiri a ku Brazil, anzake a kusukulu. Ndi ana abwino, koma amagwira ntchito usana wonse. Ine mukudziwa za mapepala anga. Ndikatuluka m'dziko muno sindilowanso, ndiye fizi ya mng'ono wake ichokera kuti?"

Belinda sanafune kufunsa funso lotsatira. Analiona likubwera ngati mmene umaonera mvula kuseri kwa phiri, koma pakamwa panafunsa pokha.

"Opaleshoniyo ndi liti?"

"Lachiwiri m'mawa."

Mwa masiku onse a m'chaka, a m'kalendala ya Mulungu yonse! Belinda anakwiya, ndipo choipa chake mkwiyowo unalibe pogwera. Akwiyire Shalom? Akwiyire khanda logona mopingasa? Akwiyire mayi amene wakhala apayu, amene manja ake alera ana a theka la mpingo koma sangakagwire mdzukulu wake?

"Amayi, pepani," anatero Belinda. "Lachiwiri limenelo ndi limene ndikupitira. Lolemba ndikhoza kukamuona pang'ono ndisanakwere basi, koma Lachiwiri ayi. Ndadikira zaka khumi ndi chimodzi."

"Ndamva, mwanangu. Lolemba musavutike, mukhala mutatopa ndi ndege. Pitani bwino. Mukapume."

Belinda anatsika masitepe mothamanga ngati wakuba. M'galimoto munali motentha kwambiri, koma sanalize injini. Kumbuyo kunalibe katundu aliyense. Wapambana. Sabata yonse ndi yake, kuyambira bwato mpaka gule.

Vuto linali lakuti iye ankaidziwa ntchito ya chipatala. Akanakhala wa mu ofesi akanatha kudzinamiza kuti manesi alipo, amusamala. Koma iye ankawadziwa odwala amene mpando wa pambali pa bedi lawo umakhala wopanda munthu. Amadzuka ku mankhwala ogonetsa n'kuyang'ana kuchitseko. Saliza belu kawirikawiri, amaopa kutopetsa anthu, amangopirira ludzu mpaka wina adutse. Ndipo Shalom adzakhala ndi bala pamimba, khanda likulira m'kabedi apo, iye osatha ngakhale kudzuka kuti alinyamule.

Anatulutsa foni n'kuimbira mayi Nora. Kumeneko kunali madzulo, ndipo kumbuyo kunkamveka mbale ndi anthu akuseka m'chilankhulo chawo chija. Mayiyo anasinthira ku Chingerezi chake choimba, nati chipinda chakonzeka, choyang'ana kunyanja.

"Ndimafuna ndifunse," anatero Belinda. "Bwato la pachilumba lija, silipitanso tsiku lina? Lachisanu kapena Loweruka?"

"Ayi, mwana wanga, ndi tsiku la woyerayo basi. Masiku ena asodzi ali ndi ntchito zawo, ndipo pachilumbapo pofikira pake m'povuta. Chaka chatha sitinapite n'komwe chifukwa cha mphepo. Koma chaka chino muli ndi mwayi, akuti nyanja idzagona tulo. Amuna anga akusungirani malo kutsogolo kwa bwato."

"Nanga munthu akaphonya?"

"Ndiye chaka chamawa, nyanja ikalola."

Belinda anathokoza n'kudula foni asananene chilichonse chimene angadzanong'oneze nacho bondo. Kenako anamenya chiwongolero ndi manja onse awiri mpaka hutala inalira, mzungu wina woyenda ndi galu nacheuka. Analira, ndipo sikunali kulira kwa chifundo ayi, kunali kwa ukali. A Lucious anawakana. Chrissie anamukana. Dzina lake laipa kuyambira Indianapolis mpaka South Bend, anthu adzamuloza zala mpaka Khirisimasi, Khirisimasi yomwenso adzaigwirira ntchito. Zonsezo analipira kuti agule Lachiwiri limodzi. Ndipo tsopano ankadziwa kuti ngakhale atakwera bwatolo, adzazungulira chitsime kasanu ndi kawiri mutu uli m'wodi ya ku Dublin.

Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulauzi, anatuluka, namenyetsa chitseko cha galimoto. Masitepe anawakwera akuponda mwamphamvu kuti nyumba yonse imve. Sanagogode kawiri. Chitseko chinali chosakhoma.

Kamtolo kaja kanali pampando wa pafupi ndi khomo, katakulungidwanso bwinobwino, ulusi utamangidwa mfundo ziwiri. Pambali pake panali kapepala ka dzina la chipatala ndi nambala ya foni ya Shalom, inki isanaume bwino. Mayi Theresa anali atakhala pamalo awo aja, manja ali pamiyendo.

"Ndimadziwa kuti mubwerera, mwanangu," anatero. "Chaka chino anapitako anthu awiri a mpingo ku Ireland. Sindinawapatse kanthu. Ndimadikira munthu ngati inu."

Zimenezi zinamupweteka Belinda kuposa mawu a a Lucious. Ndiye kuti kukana kwake konse kuja, mawu oyeseza msewu wonse aja, mayiyu anangowamvetsera ngati mmene amamvetserera ana ake olera akamati sadya, uku akuwapakulira.

Ananyamula kamtoloko n'kukapanira m'khwapa. Kapepala anakapinda n'kukaika m'chikwama.

"Amayi, ndikupita kwa Shalom. Ndikakhala naye Lachiwiri, ndi Lachitatu lomwe ngati kufunika. Koma musandithokoze. Ndakwiya, ndipo ndikufuna mudziwe kuti ndakwiya."

Mayi Theresa anagwedeza mutu, misozi ikutsika yokha popanda kuipukuta.

"Kwiyani, mwanangu, muli ndi chifukwa. Mukamusambitse mdzukulu wanga muli chikwiyire chomwecho. Khanda silidziwa."